Si zonse n'za dzuwa: mmene ndimapimitsira thupi langa chaka ndi chaka kuno ku Chigwa cha Shire

Kuno kwathu ku Ngabu, chilichonse chomwe thupi lingachite timachikankhira kwa dzuwa. Mutu ukamawawa masana, timati n'kutentha. Ludzu likakuvuta usiku mpaka kumaliza jagi yonse ya madzi, timati nanga si Okutobala uyu. Munthu akatopa asanafike n'komwe kumunda, akachita chizungulire podzuka pamkeka, yankho ndi lomwelo. Kawirikawiri zimakhaladi zoona, chifukwa mu Okutobala ndi Novembala kutentha kuno kumapyola madigiri 40, ndipo amene anagonapo panja ku Nchalo kapena ku Bangula miyezi imeneyi akudziwa zomwe ndikunena. Koma kuseri kwa mawu omwewa ndi komwe BP ndi shuga zimabisala, ndipo zimabisala zaka zambiri.

Achimwene anga aakulu ankalima thonje ndi mapira. Mu 2021, ali ndi zaka 53, anagwa ali m'munda m'mamawa dzuwa lisanapse n'komwe. Mkono ndi mwendo wa kumanja zinafa, pakamwa panapotoka. Titafika nawo kuchipatala anatiuza kuti ndi sitiroko, BP yawo inali 210/120. Alamu anga anafotokoza kuti kwa chaka chathunthu bambowo ankadandaula mutu wa kunkhongo, n'kumagula panado paokala, n'kumati dzuwa lawaonjeza. Moyo wawo wonse anali asanavalepo lamba woyezera BP pamkono, chifukwa sankadwaladwala. Lero amayenda ndi ndodo, khasu sagwiranso.

Ine ndine mphunzitsi wa pulayimale, ndili ndi zaka 48. Kuyambira chaka chimenecho ndinadziikira lamulo loti ndizipita kuchipatala ndili bwinobwino, kamodzi pachaka, kukapimitsa zinthu zingapo. Ndikulemba mmene ndimachitira, kuti amene mwadutsa zaka 40 mutolepo chomwe chingakuthandizeni.

Yambani ndi kusankha mwezi. Mukangoti ndidzapita ndikapeza mpata, simudzapita. Ine ndinasankha kumapeto kwa Julayi sukulu ikangotsekera, ndipo kwa ife a kuchigwa ndikuona kuti pakati pa Juni ndi Ogasiti ndiye nthawi yabwino. Kunja kumakhala kozizirako, munthu utha kupalasa njinga kapena kukhala pamzere osakomoka. Misewu imakhala youma, a ku East Bank savutika ndi mitsinje, ndipo amene agulitsa thonje, chitowe kapena mbuzi amakhala ali ndi kangachepe ka thiransipoti. Chinanso n'choti ukamva mutu kapena ludzu losatha mu Juni, sunganenenso kuti ndi dzuwa.

Kenako pezani buku lanu la kuchipatala, lanulanu, osati lobwereka kwa akazi anu kapena kwa mwana. Kumapeto kwa buku langa ndinajambula mizere ndi rula: tsiku, BP, shuga, sikelo, mimba. Adokotala kapena a nesi akamaliza kuyeza n'kunena kuti "zili bwino mayi", ndimapempha mwaulemu kuti andiuze manambala enieniwo, ndipo ndimalemba pomwepo. Poyamba ndinkachita manyazi, koma palibe anandikalipirapo. Nambala ya chaka chimodzi siinena zambiri. Ukaika manambala a zaka zinayi pamodzi ndi pomwe umaona kumene thupi likulowera. Yanga BP inali 124/80 mu 2021, chaka chotsatira 130/84, kenako 138/88. Palibe tsiku lomwe inafika poti ndiyambe mankhwala, koma msewu wake unkaoneka, ndipo ndi zomwe zinandichititsa kusintha kaphikidwe.

Pa BP ndikhalitsapo, chifukwa ndi yomwe inatigwetsera munthu. Kafukufuku wa dziko lonse yemwe unduna wa zaumoyo unachita mu 2009 anapeza kuti mwa akuluakulu atatu alionse a zaka za pakati pa 25 ndi 64, mmodzi anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka zedi mwa iwo sankadziwa. Anthu amaganiza kuti ndi matenda a olemera a ku Blantyre, onenepa, oyenda pagalimoto. Achimwene anga anali owonda ngati bango. BP yokwera nthawi zambiri siipweteka paliponse. Magazi amangokankha mitsempha mwamphamvu usana ndi usiku, mitsempha n'kumalimba ndi kuchepa, mtima n'kumakula chifukwa cholimbana ndi ntchito, impso n'kumaonongeka mwakachetechete. Tsiku lina mtsempha wa muubongo umatsekeka kapena kuphulika.

Poyezetsa pali zoti muchite kuti nambala ituluke yoona. Musamwe tiyi kapena khofi, musasute, kwa mphindi 30 musanayezedwe. Kataye madzi kaye. Ngati mwabwera panjinga kuchokera ku Miseu Folo kapena kwina kutali, musathamangire kupereka mkono muli wefuwefu; khalani pabenchi mphindi zosachepera zisanu. Poyeza, tsamirani msana, mapazi onse akhale pansi osapingasa miyendo, mkono ugone patebulo molingana ndi chifuwa, ndipo musalankhule. Ife amayi timakonda kucheza ndi a nesi makina akupopa, koma kulankhula kumakweza nambala. Ngati mkono wanu ndi waukulu, funsani ngati pali lamba wamkulu, chifukwa wothina amaonetsa BP yokwera kuposa mmene ilili.

Manambala amatuluka awiri, yapamwamba ndi yapansi. Zikakhala cha m'ma 120/80 kapena kutsikirapo, zili bwino. Yapamwamba ikafika 140, kapena yapansi ikafika 90, ndiye kuti yakwera, ngakhale inayo ili bwino. Kukwera kwa tsiku limodzi sikutanthauza kuti basi mwadwala. Amakuuzani kuti mubwerenso tsiku lina kuti atsimikize, ndipo chonde bwererani. Apa ndi pomwe ambiri timathawira. Koma ikafika 180/110 kapena kupyola apo, musabwerere kunyumba musanaonane ndi adokotala tsiku lomwelo. Ndipo munthu akapotoka pakamwa mwadzidzidzi, mkono ukafooka, mawu akamatuluka mosamveka, musamuthire madzi n'kumugoneka pamthunzi kudikira kuti dzuwa lipepe. Pezani galimoto kapena njinga yamoto nthawi yomweyo.

Akakuyambitsani mankhwala, kawirikawiri amakhala HCTZ kapena amlodipine, nthawi zina amaonjezera enalapril. Si mankhwala a malungo oti mukamwa masiku atatu mwathana nazo. Nambala ikatsika ndiye kuti mankhwalawo akugwira ntchito, osati matenda atha. Ndaona anzanga kumpingo akusiya chifukwa akumva bwino, ena chifukwa auzidwa kuti akumwa adyo ndi mandimu basi zikwana. HCTZ amakodzetsa, ndiye miyezi yotentha ena amachita chizungulire akaimirira. Amlodipine amatha kutupitsa mapazi. Enalapril ena amawatsokomoletsa chifuwa chouma. Zikatero kafotokozeni kuchipatala, amatha kusintha mtundu kapena mlingo. Kusiya panokha ayi.

Shuga amafuna kukonzekera kuyambira dzulo lake. Idyani mgonero monga mwa masiku onse, kenako musadyenso kanthu kwa maola osachepera 8. M'mawa madzi okha mutha kumwa, koma tiyi, phala, thobwa, ngakhale kachidutswa ka mbatata, ayi. Nyamulani kamba m'chikwama woti mudye akangomaliza kukubayani chala. Makina alipo a mitundu iwiri, ena amaonetsa manambala aang'ono, ena aakulu. Musanadye, nambala yabwino ndi yochepera 6.1, yomwe pa makina enawo ndi 110. Ikafika 7.0, kapena 126, n'kubwerezanso tsiku lina, ndiye shuga ameneyo. Ikakhala pakatikati ndi chenjezo, ndipo pamenepo ndi pomwe kusintha kadyedwe ndi kuyenda kumabweza munthu. Amene shuga wawo ali bwino ndipo kubanja kwawo kulibe matendawa atha kudumphitsa zaka ziwiri kapena zitatu. Ine ndimayezetsa chaka chilichonse chifukwa malemu mayi anga anali nawo, ndipo mwana wanga womaliza anabadwa wolemera kupyola makilogalamu 4, zomwe a nesi anandiuza kuti ndi chifukwa china chokhalira tcheru.

Zizindikiro zake n'zomwe zimafanana kwambiri ndi za Okutobala: ludzu, kutopa, kuuma kukhosi. Chosiyanitsa n'chakuti wa dzuwa amatuluka thukuta n'kumakodza pang'ono, mkodzo wake wachikasu kwambiri, pomwe wa shuga amamwa kwambiri n'kumakodzanso kwambiri, kudzuka kanayi kasanu usiku. Ena amawonda akudya bwinobwino, maso amachita chifunga, chilonda chaching'ono chimakana kupola, mapazi amachita dzanzi kapena kuyaka. Wa shuga asamayende wopanda nsapato pamchenga wathu wotenthawu, chifukwa phazi ladzanzi limapsa mwiniwake osamva, ndipo madzulo aliwonse aziyang'ana kuphazi ndi pakati pa zala.

Chaka china ndinasala chakudya usiku wonse, ndinafika pachipatala china m'mawa, n'kuuzidwa kuti timapepala toyezera shuga tatha. Zinandiwawa, ndipo ndikudziwa kuti ambiri akabwezedwa chonchi sabwereranso. Chomwe ndimachita tsopano ndi kufunsiratu kwa alangizi a zaumoyo a m'dera lathu kuti tsiku la kiliniki ya BP ndi shuga ndi liti, komanso ngati zipangizo zilipo. M'zipatala za boma, monga za pa boma ku Chikwawa ndi ku Nsanje kapena chathu cha ku Ngabu, kuyezetsa n'kwaulere. Palinso zipatala za mishoni zomwe mumalipirako, monga St Montfort ku Nchalo, Kalemba ku Bangula ndi Trinity ku Muona. Ndimasungiratu ndalama pang'ono kuti kwina kukakanika ndipite kwina sabata yomweyo, mtima usanazizire.

Muyeso wa mimba mutha kuchita nokha kunyumba, ndipo sufuna ndalama. Tengani chingwe, muyeze kutalika kwanu kuchokera kuphazi mpaka pamutu, mudule. Chipindeni pakati, muzungulize pamimba cha pamchombo mutatulutsa mpweya, osakoka mimba mkati. Nsonga zikakumana, zili bwino. Zikakanika kukumana, ndiye kuti mafuta a m'mimba achuluka, ndipo mafuta amenewo ndi omwe amayenda limodzi ndi shuga ndi BP kuposa a m'chiuno kapena m'ntchafu. Kwathu mimba ya bambo timaitcha chizindikiro cha ndalama. Changa chingwe chimakhala pamsomali kuseri kwa chitseko, ndipo bambo a kunyumba ali ndi chawo.

Tsopano amayi anzanga. Dziko lathu lili m'gulu la maiko omwe khansa ya khomo la chiberekero imapha amayi ambiri padziko lonse, chonsecho ndi khansa yomwe imapereka zaka zambiri za mpata isanakhwime. Imayamba ndi kachirombo ka HPV kopatsirana pogonana, ndipo atsikana athu anayamba kulandira katemera wake m'dziko lonse mu 2019. Ife katemerayo anatipitirira, chotitsalira ndi kuyezetsa. Ndinazengereza zaka zambiri chifukwa cha nkhani zomwe ndinkamva pamjigo, zoti amatulutsa chiberekero n'kuchitsuka, zoti chitsulo chake chimapweteka koopsa. Nditapita ndinapeza zina. Umagona pabedi, a nesi amalowetsa kachipangizo kotsegulira njira kuti aone khomo, amapakapo viniga ndi thonje, n'kudikira mphindi imodzi. Pamene pali vuto pamayera. Zimasowetsa mtendere pang'ono koma sizipweteka, ndipo zonse sizitenga nthawi yophikira nsima. Akapeza poyera pang'ono, malo ambiri amathandiza tsiku lomwelo ndi kachipangizo kotenthetsa pamalopo, kenako amakuuzani kuti mupewe kukhala malo amodzi ndi abambo kwa masabata angapo kuti papole. Ndi bwino kuwauziratu abambo musanapite kuti pasadzakhale mkangano.

Pitani pamene simuli kumwezi. Njira ya vinigayi anaikonzera makamaka amayi a zaka 25 mpaka 49, chifukwa munthu akasiya kusamba malo omwe amayang'anawo amalowa mkati ndipo saoneka bwino. Choncho inu a zaka 44, 46, 48, musadikire. Zikapezeka bwino mumabwerera pakatha zaka zitatu, koma amene muli ndi HIV mumabwerera pafupipafupi monga angakuuzireni kukiliniki yanu, chifukwa kwa inu matendawa amathamanga. Ndipo mvetsetsani ichi: mayi amene anasiya kusamba, patha chaka, akaonanso magazi ngakhale kadontho, kumeneko si kubwerera utsikana. Magazi otuluka mukatha kukhala ndi abambo, kapena chikazi chonunkha chosatha, n'chimodzimodzi. Pitani sabata yomweyo.

Mawere ndimadziyeza ndekha kamodzi pamwezi posamba, manja ali ndi sopo, kuzungulira bere lonse mpaka kukhwapa. Chotupa cholimba chosapweteka, nsonga yolowa mkati mwatsopano, khungu lochita timaenje, kapena magazi otuluka kunsonga, n'zokaonetsa. Kusapweteka si chizindikiro choti palibe vuto.

Kusiya kusamba kwenikweniko si matenda. Kwa ambiri kumabwera pakati pa zaka 45 ndi 55, ndipo ine ndayamba kale kulawa: thupi limangoyaka mwadzidzidzi, thukuta kamukamu pakati pa usiku, tulo todukizadukiza, mtima wapachala. Kuchigwa kuno zimenezi zimalemera pawiri. Ndimagona ndi chitenje chonyowa pafupi, ndinachepetsa tiyi wamadzulo, ndipo ndinawafotokozera bambo a kunyumba kuti adziwe chomwe chikuchitika m'nyumba mwawo.

Abambo ndiye ovuta kuwatulutsa. Anga anagwirapo ntchito m'minda ya nzimbe, ndipo ankati munthu amene wadula nzimbe sangagwe ndi nthenda yosaoneka. Chinawasuntha ndi kuona alamu awo, achimwene anga aja, akusambitsidwa. Nawo amayezetsa BP ndi shuga monga ine, koma pali zina zawozawo. Bambo wopitirira zaka 50 akamadzuka kangapo usiku kukataya madzi, mkodzo ukamachedwa kuyamba, ukamatuluka mofooka kapena modontha, kawirikawiri ndi pulositeti, kachiwalo ka abambo ka pansi pa chikhodzodzo, yomwe yakula n'kufinya njira. Nthawi zambiri si khansa, koma wosiyanitsa ndi dokotala, ndipo kudikira mpaka mkodzo utatsekeka usiku n'kowawa zedi. Mphamvu za m'nyumba zikayamba kuchepa, ambiri amathamangira gondolosi kapena mapiritsi a pamsika, chonsecho nthawi zina imeneyo ndi belu loyamba la shuga kapena mitsempha yoonongeka ndi BP. Kutupa kwa kumaliseche komwe kwavuta abambo ambiri kuchigwa kuno amachita opaleshoni n'kutha. Si chinthu chobisa m'thalauza lalikulu zaka khumi.

Pali chizindikiro chimodzi chomwe ndimafuna aliyense, bambo kapena mayi, achidziwe, chifukwa khansa ya kummero ndi yochuluka m'Malawi muno. Nsima ikayamba kuima pachifuwa, munthu n'kumafuna madzi kuti mbamu itsike, kenako n'kusamukira kuphala, thupi likutha, asataye miyezi akuti ndi zilonda za m'mimba kapena kuti wina wamutchera. Apite, ndipo akamutumiza ku Queens ku Blantyre akwere phiri la Thabwa lija osazengereza. Fodya ndi kachasu zimaonjezera ngozi ya khansa imeneyi.

HIV ndimayezetsa tsiku lomwelo, pamodzi ndi bambo. Anthu a msinkhu wathu timaganiza kuti zimenezo n'za achinyamata, koma amasiye akukwatiwanso, mabanja akutha ena akuyamba, ndipo kachirombo sikafunsa zaka. Amene muli kale pa ma ARV, pemphani kuti azikuyezaninso BP ndi shuga mukapita kukatenga mankhwala. Kukhala ndi moyo wautali kumabwera ndi matenda a ukulu ngati wina aliyense. Chifuwa chopitirira masabata awiri, thukuta la usiku ndi kuwonda, kaperekeni makhololo ayeze TB.

Likodzo ambiri timaliona ngati nthenda ya ana osambira m'madambo. Koma asodzi a ku Elephant Marsh, amayi otola nyika, olima kudimba m'mbali mwa Shire ndi ochapa m'ngalande za mthirira amaponda madzi omwewo tsiku ndi tsiku. Mazira a tizilomboti akakhalitsa m'chikhodzodzo amachiononga, amatha kutsekereza impso, ndipo pakapita zaka amatha kuyambitsa khansa ya chikhodzodzo. Mwa amayi amabweretsanso zilonda kunjira ya chiberekero. Ngati moyo wanu uli m'madzi, perekani mkodzo auyeze, ndipo a zaumoyo akamagawa mankhwala a likodzo a praziquantel m'mudzi musamangotumiza ana. Imwani mutadya, apo ayi amazunguza mutu.

Impso ndi zomwe ndimaziopera kwambiri anthu ogwira ntchito padzuwa. Munthu amalima kapena kudula nzimbe tsiku lonse, thukuta likuchucha, madzi akumwa ochepa, madzulo msana ukuwawa n'kugula Brufen, diclofenac kapena Indocid paokala, mawa chimodzimodzi. Mankhwala amenewa amachepetsa magazi opita kuimpso, ndiye akakumana ndi thupi louma kale amaziononga, komanso amakweza BP ndi kukanda m'mimba. Kumwa apo ndi apo mwauzidwa ndi adokotala n'kwina, kuwasandutsa ndiwo ya tsiku lililonse n'kwina. Nyamulani chigubu cha madzi popita kumunda, imwani musanamve ludzu, ndipo yang'anani mkodzo wanu: ukhale wotuwirako, osati ngati tiyi.

Maso ndinene mwachidule. Zaka 40 zikadutsa, kulowetsa ulusi pasingano ndi kuwerenga Baibulo kumayamba kuvuta, mpaka kutambasula mkono. Magalasi owerengera amathetsa zimenezo. Ng'ala amachotsa ndi opaleshoni yaifupi munthu n'kuonanso. Wa shuga kapena BP aziyezetsa maso chaka chilichonse ngakhale akuona bwino, ndipo musathire m'maso madzi a masamba kapena mankhwala otsala a mnzanu.

Zonsezi n'za tsiku limodzi pachaka. Masiku enawo nkhani ili pamoto ndi m'mbale. Mchere womwe munthu wamkulu akuyenera kudya patsiku sukuyenera kupyola magalamu 5, kasipuni kamodzi ka tiyi, kuphatikiza wa m'zakudya zonse. Ife kuno timayamba tili kale ndi ngongole, chifukwa mijigo yambiri m'chigwa muno imatulutsa madzi amchere, nsomba zouma zambiri zimabwera zothira mchere, kanyenya wa pa Dyeratu timamusunsa pamulu wa mchere ndi tsabola, soda wa m'therere nayenso ndi m'bale wake wa mchere, n'kuonjezeraponso timakiyubu tokometsera ndiwo. Kunyumba kwanga ndinachotsa mbale ya mchere pamphasa. Ndimayeza ndi kasipuni pophika m'malo mwa dzanja. Makakana kapena mlamba wouma wamchere ndimauviika kaye m'madzi, madziwo n'kutaya. Ndinachepetsa pang'onopang'ono, ndipo patatha mwezi ana anasiya kudandaula, lilime linazolowera. Ngati m'dera lanu muli mijigo iwiri, wina wozuna wina wamchere, akumwa muzitunga kozunako ngakhale kutalikirepo, amcherewo akhale ochapira. Kuthawira kumtsinje ayi, kumeneko kuli kolera ndi ng'ona.

Shuga wa m'kapu ndiye mayeso athu, ife okhala pafupi ndi nzimbe. Ndinkathira masipuni anayi mutiyi, pano imodzi. Botolo limodzi la zoziziritsa kukhosi la mamililita 300 limatha kukhala ndi shuga wokwana timasipuni 7 kapena 8, ndipo mu Novembala munthu amamwa awiri atatu osaganizako. Thobwa, madzi a malambe ndi a bwemba n'zabwino, koma zimaonongeka ndi shuga yemwe timakhuthuliramo. Nsima ndinabwerera kumgaiwa ndi mapira, zomwe makolo athu kuno ankadya, mitanda iwiri osati inayi, ndiwo zamasamba zochuluka: chisoso, nkhwani, khwanya, cham'mwamba chomwe chili pafupifupi pakhomo lililonse. Nandolo, khobwe ndi nyemba zimalowa m'malo mwa nyama masiku ambiri. Ng'ombe ndi mbuzi kuno n'zathu, sindinasiye, koma mafuta oyera aja ndimadula. Cham'mwamba ndi ndiwo yabwino. Si cholowa m'malo mwa mapiritsi a BP kapena a shuga monga metformin, kaya wogulitsa ufa wake anene zotani.

Olima ndi khasu ndi opalasa njinga thupi lawo limagwira kale ntchito yokwana. Koma aphunzitsi, a m'maofesi, okhala m'sitolo tsiku lonse, ndi ife tomwe tinazolowera kukwera kabaza ngakhale popita kumsika, tikufunika kuyenda mofulumira mphindi 150 pasabata, kapena kuti theka la ola masiku asanu. Ine ndimadzuka 5 koloko, ndimayenda ndi mnzanga woyandikana naye nyumba dzuwa lisanatuluke. Tikakhala awiri, wina akachita ulesi mnzake amagogoda. M'njiramo timakambirananso zotisautsa, za fizi, za ana, za maliro, ndipo ndaona kuti masiku omwe ndalankhula ndimagona bwino. Kuganiza kwambiri kukafika poti munthu sakudya, sakugona, sakufunanso kuona anthu kwa masabata, nakonso n'kokanena kuchipatala.

Chomaliza ndinachiphunzira ndi madzi. Namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023 anasiya anthu ambiri m'misasa opanda chilichonse, ndipo pakati pawo panali a BP, a shuga ndi a ma ARV omwe mankhwala ndi mabuku awo anapita ndi madzi. Munthu amafika kwa adokotala n'kumati ndimamwa toyera tating'ono, dzina osalidziwa. Choncho Disembala akamayandikira, mabuku athu a kuchipatala ndi mapiritsi a achimwene timawamanga m'jumbo ziwiri, n'kuwapachika pamwamba pamodzi ndi ziphaso, malo oti munthu atha kutsomphola mumdima. Tsamba la manambala lija ndi maina a mankhwala ndinazijambula pafoni n'kutumizira mwana wanga ku Blantyre. Mapiritsi asakhale pawindo kapena pafupi ndi malata, kutentha kumawaononga. Ndipo mvula isanayambe timapempha kuchipatala ngati angatipatse a miyezi ingapo, kuopa kuti msewu ungaduke.

Julayi wapitayu sitinapite awiri. Tinatenganso alamu anga, omwe zaka zonsezi akhala akusamalira wodwala iwo osayezetsapo. Panjira ankati, "Alamu, ine ndilibe nthawi yodwala." Yawo inapezeka 156/96. Anabwereranso patatha sabata, inali 152/94, ndipo anawayambitsa kapiritsi kamodzi ka m'mawa. Ndinawajambulira mizere kumapeto kwa buku lawo monga langa, ndipo mzere wachitatu, wa mu Seputembala, walembedwa 134/86.